Kodi a Ratzinger anatembenuka m'chaka cha 1968?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo wina amene amaphunzitsa katekisimu ku parishi yakwawo. Akuti anatsutsana ndi alamu awo, omwe anakhalako ku seminale yaikulu ku Zomba asanasiye njira ya unsembe. Alamuwo akuti Papa Benedict wa 16, amene dzina lake lobadwa nalo ndi Joseph Ratzinger, ali mnyamata anali m'gulu la ofuna kusintha zinthu mu Mpingo, koma ophunzira a pa yunivesite atawakuwiza mu 1968 anachita mantha n'kusanduka munthu wokakamira zakale. Ndiye akufunsa kuti kodi n'zoona, nanga munthuyu ankagwira ntchito yanji asanavale mkanjo woyera?

Bambo, alamu anu sakunama, ndipo nkhaniyi sanaipeke okha. Imakambidwa m'maseminale ambiri. Vuto lake n'lakuti ukaika zaka pamzere, nkhaniyo imayamba kutsimphina.

Joseph Ratzinger anabadwa pa 16 Epulo 1927 m'katauni ka Marktl, m'chigawo cha Bavaria ku Germany. Linali Loweruka Loyera, ndipo anabatizidwa tsiku lomwelo. Bambo awo anali wapolisi wakumudzi amene sankachifuna n'komwe chipani cha Nazi. Atakwanitsa zaka 14 analembedwa m'gulu la achinyamata a Hitler, poti lamulo linkatero kwa mnyamata aliyense. Mu 1943 anatengedwa pamodzi ndi anzawo a ku seminale yaing'ono kukathandiza pa mizinga yowombera ndege pafupi ndi Munich. Nkhondo ili pafupi kutha anathawa usilikali n'kubwerera kwawo, koma asilikali a ku America anawagwira ndi kuwasunga mumsasa wa akaidi mpaka Juni 1945. Izi muzisunge, chifukwa munthu amene waona ndi maso ake chipani chikusanduka chipembedzo, amachenjera msanga akamva ndale zikulonjeza paradaiso.

Anadzozedwa unsembe pa 29 Juni 1951 ku Freising, tsiku limodzi ndi mkulu wawo Georg. Ku parishi anangokhalako pafupifupi chaka, kenaka n'kubwerera ku mabuku. Digiri yawo ya udokotala ya mu 1953 inali yokhudza zimene Augustino Woyera ankaphunzitsa za Mpingo, Augustino yemwe uja wa ku Hippo, m'dziko limene lero ndi Algeria. Masiku amenewo maphunziro a zaumulungu m'maseminale ambiri ankayenda ndi mabuku a Chilatini ofupikitsa Thomas Aquinas, funso ndi yankho lake lokonzeratu. A Ratzinger zimenezi sizinkawakoma. Ankafuna kubwerera ku Baibulo ndi kwa abambo a Mpingo a zaka zoyambirira, ndipo nthawi imeneyo wochita zotere ankaonedwa ngati wokonda zatsopano.

Apa panachitika chinthu chimene anthu sakonda kuchitchula, koma kwa ine n'chachikulu kuposa za 1968. Ku Germany udokotala sukwanira kuti munthu akhale pulofesa. Pamafunika kulemba buku lachiwiri lalikulu, aphunzitsi akuluakulu n'kulivomereza. A Ratzinger analemba za Bonaventura Woyera, ndipo m'menemo anati chivumbulutso cha Mulungu n'chachikulu kuposa zilembo za m'buku: ndi Mulungu amene akudzionetsa, ndipo payenera kukhala wochilandira kuti chikhale chivumbulutso. Pulofesa wotchuka wa ku Munich, a Michael Schmaus, anaona ngati maganizo amenewa ndi oopsa, n'kulikana bukulo. Tangoganizani: wansembe wachinyamata anali atangowatenga makolo ake okalamba kudzakhala nawo m'nyumba ya ntchito ku Freising, ndiye akanalephera, nyumba ndi ntchito zomwe zikanapita. Anapulumukira pa gawo lomaliza la bukulo, limene a Schmaus sanalichonge kwambiri. Analikonza mofulumira, kulipereka palokha, ndipo linavomerezedwa mu 1957. Choncho munthu amene anadzakhala woweruza mabuku a anzake anayamba walawa yekha kuweruzidwa.

Kuchokera apo ntchito ya upulofesa m'mayunivesite inayenda mwachangu: Bonn mu 1959, Münster mu 1963, Tübingen mu 1966, Regensburg mu 1969. Ali ku Bonn anadziwana ndi Kadinala Josef Frings wa ku Cologne, nkhalamba imene maso anali atatsala pang'ono kufa. Mu 1961 a Ratzinger anawalembera kadinalayo mawu okakamba ku Genoa pa za msonkhano waukulu umene unkabwera, ndipo Papa John wa 23 atawawerenga anawayamikira a Frings. Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican utayamba mu 1962, a Frings anapita ku Rome ndi mlangizi wawo wa zaka 35. Pa 8 Novembala 1963 kadinalayo anaimirira m'tchalitchi cha Petulo Woyera n'kudzudzula ofesi ya ku Vatican yoyang'anira chiphunzitso, kuti njira zake n'zokhumudwitsa ndipo munthu asamaweruzidwe asanamvedwe. Aepiskopi anaomba m'manja, mkulu wa ofesiyo Kadinala Ottaviani n'kupsa mtima. Mpaka apa alamu anu ali pa choonadi. A Ratzinger anali kumbali ya ofuna kusintha, ndipo sankabisa.

Amene anawakokera ku Tübingen anali mnzawo wa ku msonkhanoko, a Hans Küng, wansembe wa ku Switzerland. Anthu amakonda kukumbukira kuti a Küng ankayenda pa galimoto ya Alfa Romeo pomwe a Ratzinger ankapalasa njinga. Maphunziro amene a Ratzinger anapereka mu 1967 pofotokoza Kumvera kwa Apostoli ankadzaza holo, ndipo chaka chotsatira anatuluka ngati buku limene linamasuliridwa m'zilankhulo zambiri. Kenaka 1968 inafika. Ophunzira m'mayunivesite a ku Ulaya anagalukira akuluakulu, ankalowa m'makalasi kulanda maikolofoni, ndipo ku Tübingen ambiri mwa otentha mutu anali ophunzira a zaumulungu amene ankawerenga Uthenga Wabwino ndi magalasi a Karl Marx. Panafalitsidwa ngakhale kapepala konyoza mtanda wa Yesu kuti ndi chizindikiro cholemekeza ululu. A Küng ankanena kuti mnzawoyo zinamuopsa mpaka anathawa. A Ratzinger ankati iwo ndi ophunzira awo ankagwirizana bwino, koma chimene chinawawawa chinali kuona mawu a chikhulupiriro akusungidwa, Mulungu atachotsedwamo, m'malo mwake mutalowa chipani. Anali ataziwonapo kale ali mwana, ngakhale mbendera inali ya mtundu wina.

Tsopano tiyeni ku zaka zija ndanena kuti zimatsimphinitsa nkhani. Mu 1966, ophunzira asanayambe n'komwe chipolowe, a Ratzinger analankhula pa msonkhano waukulu wa Akatolika a ku Germany mumzinda wa Bamberg, n'kudandaula poyera za momwe ena ankatengera msonkhano wa ku Vatican, makamaka pa za Misa ndi pa kuthamangira kugwirizana ndi dziko. Nkhawa inalipo kale. Ndiye taonani mbali inayo. Mu 1970, patapita zaka ziwiri kuchokera pamene akuti anatembenuka, dzina lawo linali pa kalata imene akatswiri a zaumulungu asanu ndi anayi, kuphatikizapo a Karl Rahner ndi a Walter Kasper, analembera aepiskopi a ku Germany kuwapempha kuti aunikenso lamulo loti ansembe asakwatire. Mu 1972 analemba nkhani yonena kuti mwina nthawi zina Mkatolika amene ukwati wake woyamba unatha kalekale, n'kukhala mokhulupirika m'banja lachiwiri kwa zaka zambiri, angaloledwe kulandira Ukaristia. Munthu amene wasanduka wachikale usiku umodzi salemba zoterezi. M'chaka chomwecho cha 1972 anayambitsa magazini ya Communio pamodzi ndi a Hans Urs von Balthasar ndi a Henri de Lubac, atatalikirana ndi anzawo a magazini ya Concilium. Kusiyana kwa magulu awiriwa kunali pa funso ili: kodi msonkhano wa ku Vatican ndi zimene zinalembedwa m'zikalata zake, zowerengedwa pamodzi ndi chiphunzitso cha kale, kapena ndi chiyambi chabe cha kusintha kumene kuyenera kupitirira?

Ku Regensburg ndi kumene ankaganiza kuti adzakalambira. Mkulu wawo Georg ankatsogolera kwaya ya anyamata ya pa katedralo ya mumzindawo, mlongo wawo Maria ankawasungira pakhomo ndi kuwalembera pa taipi, ndipo anamanga nyumba m'mudzi wa Pentling. Ophunzira awo a udokotala ankachokera m'maiko osiyanasiyana. Mmodzi anali wansembe wa ku Benin, a Barthélemy Adoukonou, amene analemba za momwe Mkhristu angamvetsere chipembedzo cha makolo cha Vodun, ndipo pambuyo pake anadzakhala episkopi wogwira ntchito ku Vatican. Ophunzirawa anapitiriza kukumana ndi mphunzitsi wawo chaka ndi chaka, ngakhale atakhala papa, ku Castel Gandolfo, nyumba yopumulirako apapa pafupi ndi Rome.

Zonse zinasintha mu 1977 pamene Papa Paul wa 6 anawasankha kukhala arkiepiskopi wa Munich ndi Freising, ndipo mu Juni chaka chomwecho anakhala kadinala. Mu Novembala 1981 Papa John Paul wachiwiri anawaitanira ku Rome kukatsogolera ofesi yomwe ija a Frings anaidzudzula, imene tsopano inali ndi dzina latsopano. Anakhalapo zaka zoposa 23. Ngati mukufuna pamene munthuyu anaumira, ine ndingaloze apa. Pulofesa angathe kunena kuti tiyeni tiunikenso, mawa n'kulemba zina. Woyang'anira chiphunzitso akalankhula, mawu ake amafika mpaka kwa inu amene mumaphunzitsa ana a ukaristia woyamba pansi pa mtengo wa mango. A Ratzinger ankanena kuti ntchito ya aepiskopi ndi kuteteza chikhulupiriro cha anthu wamba kwa ophunzira kwambiri, ndipo anaigwira ndi dzanja lolimba. Mu 1984 anatulutsa chikalata chodzudzula mbali zina za chiphunzitso cha kumasulidwa kwa osauka cha ku Latin America. Mu 1985 a Leonardo Boff a ku Brazil analamulidwa kukhala chete pafupifupi chaka. Mu 1986 a Charles Curran analetsedwa kuphunzitsa zaumulungu m'dzina la Mpingo pa yunivesite ya Katolika ku Washington. Koma za a Küng musawanamizire: chilolezo chawo chophunzitsa m'dzina la Mpingo chinalandidwa mu Disembala 1979, a Ratzinger akadali ku Munich.

Kodi anakumbukira za a Schmaus pamene ankaweruza anzawo? Pang'ono inde. A Boff anaitanidwa ku Rome kukakambirana nawo maso ndi maso mu 1984, ndipo makadinala awiri a ku Brazil anawaperekeza. Koma ine ndikuona kuti kwa woitanidwayo zinali zowawa chimodzimodzi, ndipo pa nkhani ya ku Latin America mantha a Marx anawachititsa kuti achedwe kuona ansembe ndi akatekisiti amene ankaphedwa chifukwa choima ndi alimi osauka. Chikalata chachiwiri cha 1986 chinafewerako.

Komanso amene amati a Ratzinger sanasinthepo kalikonse akulakwitsa. Mu 1994 anasaina kalata ya ofesi yawo yokana kuti osudzulana amene anakwatiranso azilandira Ukaristia, zosiyana ndi zimene analemba mu 1972. Pamene nkhani yakale ija inkasindikizidwanso mu 2014 m'mabuku osonkhanitsa zolemba zawo, anailembanso mathero ake. Pa mfundo imeneyi anasinthadi maganizo, koma zinatenga zaka zambiri komanso mipando ingapo.

Mbiri yawo ili ndi bala lina limene sindingalilumphe. Mu Januwale 2022 lipoti la maloya ku Munich linati sanachite zokwanira pa milandu inayi ya ansembe ogwirira ana pamene anali arkiepiskopi. Iwo anakana kuti anabisa dala, koma analemba kalata yopepesa kwa ozunzidwa. Anamwalira pa 31 Disembala chaka chomwecho ali ndi zaka 95.

Upulofesa sunawachoke ngakhale atasankhidwa papa pa 19 Epulo 2005. Mu Seputembala chaka chomwecho anaitana a Küng n'kucheza nawo maola angapo mpaka kudyera limodzi, atagwirizana kuti za mikangano yakale asazikhudze. Pa 12 Seputembala 2006 anabwerera ku yunivesite ya Regensburg n'kupereka phunziro la chikhulupiriro ndi nzeru, ndipo monga amachitira mphunzitsi m'kalasi anatchula mawu a mfumu ina yakale ya ku Byzantium onyoza Mneneri Muhammad. M'kalasi ophunzira akanadikira kumva kumene mfundoyo ikupita. Dziko silinadikire. Asilamu m'maiko ambiri anakwiya, ndipo papayo anachita kupepesa chifukwa cha momwe mawuwo anamvekera. Chaka chotsatira anatulutsa buku loyamba mwa atatu onena za Yesu, pachikuto pali maina onse awiri, Joseph Ratzinger ndi Benedict wa 16. M'mawu oyamba analembamo kuti bukulo si chiphunzitso cha udindo wa papa koma kufufuza kwawo, ndipo aliyense ali ndi ufulu wowatsutsa.