Nsanja ya nyali, osati "nyumba ya kuwala"

Funso: Nditapita ku Cape Town ndinakaona Green Point Lighthouse, nyumba ya mizere yofiira ndi yoyera yomwe nyali yake imaongolera sitima usiku. Akuti inayamba kuwala mu 1824. Pofotokozera anzanga kuno ku Nkhotakota ndinati "nyumba ya kuwala", onse nkuseka. Ndikanati chiyani?

Yankho: Anakusekani pa chilungamo, bambo. "Nyumba ya kuwala" ndi Chingerezi chovala chitenje, ndipo womva angaganize kuti mukunena dzina la mpingo watsopano.

Ine ndimati nsanja ya nyali. Ndili mwana, agogo ankandikweza pa nsanja m'munda wa mpunga kuti ndizipirikitsa mbalame. Nsanja ndi chinthu chomangidwa m'mwamba kuti uone patali kapena uonekere patali, ndipo omasulira Baibulo sanavutike, anangoti nsanja ya Babele. Nanga ife tikusowa chiyani? Ikani nyali pamwamba pake, mawu akwanira.

Koma poti mwanditengera kunyanja, ndiloleni ndidandauleko za doko. Ana asukulu amandiuza molimba mtima kuti mawuwa tinabwereka ku "dock". Ndimakana. Akuluakulu amene anandilera ankati dooko, ena dowoko, ponena malo okocheza bwato kapena owolokera mtsinje, ndipo khutu langa limamvamo kuwoloka. Ngalawa za Jumbe, mfumu ya amalonda a Chiswahili, zinkanyamula akapolo ndi minyanga pagombe la Nkhotakota Livingstone asanakhale pansi pa mkuyu uja mu 1863. Mukuganiza kuti pokochezapo panalibe dzina mpaka mzungu atafika? Kufanana kwa mawu si ubale.

Sitima ndiye tinabwerekadi, kuchokera ku "steamer". Ilala yayenda panyanjayi kuyambira 1951 tikuyitchula choncho, ndipo mawuwa anakwera kumtunda mpaka tinawapatsanso ya pamtunda imene imadutsa ku Chipoka.

Mawu ena obwereka ndinawakhululukira kalekale. Pitani kugombe usiku wopanda mwezi, mwera utaleka, mukaone nyali zili ngwee panyanja ngati mudzi. Amene amakopa usipa ndi nyalizo kuti ulowe mu ukonde wa chilimira asodzi amamutcha siginala. Tsiku lina ndinawafunsa ngati palibe dzina lachichewa. Mmodzi anandiyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku taye, nkundifunsa ngati ndabwera kudzagula usipa kapena kudzayesa mayeso.