Phokoso la m'khutu lasiya lokha: kodi ndachira?

Funso: Adokotala, ndine mayi wa zaka 58. Kwa miyezi 7 khutu langa lakumanzere limamva "fu, fu, fu" motsatana ndi kugunda kwa mtima, makamaka usiku. Atandijambula mutu anati ndili ndi fistula ya mitsempha ya magazi yozungulira ubongo, yamtundu wosaopsa, tizingoiyang'anira. Sabata yatha phokosolo lazimiririka. Ndipitebe kukajambulidwanso? Ndalama zake sizochepa. *Mayi wa ku Zomba*

Yankho: Pitani, amayi. Fistula yotereyi imatha kutsekeka yokha ndithu, koma khutu silingakuuzeni ngati yatsekekadi.

Dzinalo lisakusokonezeni. Kwathu kuno tikamva fistula timaganiza za vuto la amayi lodza pobereka, koma mawuwo amangotanthauza njira yotseguka pomwe sipayenera kukhala njira. Ubongo unakutidwa ndi chikopa cholimba chotchedwa dura, ndipo m'chikopamo muli ngalande zikuluzikulu zobwezera magazi ku mtima. Timitsempha tobweretsa magazi tikaboolera mwachindunji m'ngalandezo, magazi amalowa ndi mphamvu yonse ya mtima. Ngalande ina, sigmoid sinus, imadutsa kuseri kwa khutu, n'chifukwa chake mumamva mtima ukugunda m'mutu.

Kutsekeka kwake kumayamba ndi kuundana kwa magazi pamalo olumikizanawo kapena m'ngalande momwemo, kenako pamachita chipsera, njira n'kufa. Zimachitika kwambiri pa fistula zazing'ono zoyenda magazi pang'onopang'ono, ndipo zina zimatsekeka patangopita masiku ochepa munthu atajambulidwa angiogram, chithunzi cha mitsempha ya magazi.

Vuto lili apa. Wothirira kudimba amadziwa kuti ukatseka ngalande ndi dothi koma gwero likadali lotseguka, madzi amafuna kwina kodzera. Ngalande ya kukhutu ikatsekeka timitsempha tija tikuthirabe, magazi amabwerera chammbuyo n'kulowa m'mitsempha yopyapyala ya pamwamba pa ubongo, yomwe sinalengedwere mphamvu yotere. Khutu limakhala zii, pamene fistula yafika poopsa. M'magulu a Borden, omwe madokotala akhala akugwiritsa ntchito posiyanitsa fistulazi kuyambira mu 1995, mtundu 1 ndi wongothira m'ngalande. Mtundu 2 ndi 3 ndi wobwezera magazi ku ubongo. Ndi ochepa, pafupifupi 2 mwa 100, amene fistula yawo imasintha kuchoka ku mtundu 1. Koma kafukufuku wa ku Toronto, m'dziko la Canada, wa mu 2002 anapeza kuti mwa odwala 100 amene magazi akubwerera ku ubongo osathandizidwa, pafupifupi 8 mtsempha umawaphulikira m'mutu chaka chilichonse.

MRI kapena CT yojambula mitsempha ndi poyambira pabwino, ngakhale ikhoza kuphonya fistula yaing'ono. Chotsimikizira ndi angiogram: amalowetsa kapaipi kowonda mumtsempha wa pamphechepeche kapena padzanja mpaka kukhosi, n'kupopera mankhwala ooneka pa X-ray. Musadikire tsiku lomwe anakulemberani mukamva mutu waukulu wodzidzimutsa, mukakomoka ngati wakhunyu, dzanja kapena mwendo ukafooka, lilime likalemera, kapena apakhomo akaona kuti mwayamba kuiwalaiwala.

Funso: Bambo anga diso lawo lakumanja linafiira n'kutuzuka, ndipo akuona zinthu ziwiriziwiri. Akuti ndi fistula ya kuseri kwa diso. Ndamva zoti kudina mtsempha wa pakhosi kumachiritsa. Tiyambe? *Mnyamata wa ku Mzuzu*

Yankho: Musayambe nokha, achimwene. Fistula ya mu cavernous sinus, ngalande ya kuseri kwa diso, ili pawiri. Yodza chifukwa cha ngozi, monga kugwa pa kabaza chigaza n'kusweka, imakhala kuti mtsempha waukulu wa carotid, wodzera pakhosi kupita ku ubongo, wang'ambika. Imeneyi sitsekeka yokha kawirikawiri, imafuna kutsekedwa ndi timawaya ta coil kudzera m'kapaipi. Yobwera yokha mwa anthu achikulire ndiyo imakonda kudzitsekera kuposa fistula zina zonsezi.

Kudinako ndi njira yeniyeni ya kuchipatala. Wodwala amakhala pansi kapena kugona, n'kudina mtsempha wa pakhosi wa mbali yodwalayo kwa masekondi 10, kangapo pa ola, kwa masabata 4 mpaka 6. Amadina ndi dzanja la mbali inayo: kwa bambo anu, lamanzere. Chifukwa chake n'chanzeru. Ubongo wakumanja umalamulira dzanja lamanzere, ndiye ukayamba kuperewera magazi dzanjalo limafooka n'kugwa lokha, mtsempha n'kutseguka. Choncho wina asawadinire. Asanayambe, dokotala amajambula khosi ndi ultrasound, chifukwa ngati mumtsemphamo muli mafuta ouma akhoza kubenthuka n'kuyambitsa sitiroko. Njirayi ndi yoletsedwanso kwa amene mtima umachedwa kugunda akadinidwa pakhosi, ndi amene magazi akubwerera kale ku ubongo.

Podikira, apite kawirikawiri kuchipatala cha maso akayezedwe mphamvu yomwe madzi a m'diso akukankhira, yomwe iyenera kukhala pakati pa 10 ndi 21 mmHg. Nthawi zina diso limatupa kuposa kale kwa masiku kapena masabata ochepa pamene mtsempha wa kuseri kwake ukuundana, kenako n'kuphwa. Komabe musaganizire nokha kuti ndi zimenezo: maso akayamba kuchita chidima, kapena chikope chikalephera kuphimba diso pogona, apite tsiku lomwelo.