Ku St Kitts yambani ndi mabwinja, zipilaini pambuyo

Achemwali, mwafunsa za esiteti yakale ya nzimbe ku St Kitts, chilumba cha ku Caribbean, komwe inu mungaphunzireko mbiri koma bambo a kunyumba ndi ana osaboweka. Pitani ku Wingfield Estate, kumtunda kwa Old Road Town. Kuchokera ku Basseterre, likulu la dzikolo, sipatha theka la ola pa galimoto, ndipo amayendera kumanzere ngati kwathu. Mwasankhanso bwino February, chifukwa nyengo ya namondwe kumeneko ndi June mpaka November.

Langizo langa lalikulu ndi ili: musalole kuti ana akukokereni ku zipilaini (chingwe cha m'mwamba chimene munthu amatsetserekapo atamangiriridwa) mutangofika. Ife tinalakwitsa pamenepo. Zipilainiyo ili pa esiteti pomwepo, imadutsa pamwamba pa nkhalango ndi chigwa cha mtsinje wa Wingfield, ndipo ndi yokoma ndithu. Koma titatsika aliyense anali atatopa, njala itawawa, mabwinjawo tinangowadutsa ngati anthu othamangira basi. Ndinachita kubwererako ndekha mawa lake m'mamawa.

Ulendo wachiwiriwo ndi umene ndinaona malowo. Pali ngalande yamiyala imene inkabweretsa madzi kuchokera kumtsinje kudzazunguza chigayo chofinyira nzimbe, pali chumuni chachitali, ndi malo amene ankaphikira madzi a nzimbewo m'mapoto akuluakulu otsatizana, kuwasamutsa poto ndi poto mpaka atalimba. Amene anakhalako ku Nchalo kapena ku Dwangwa akudziwa kuti nzimbe ikadulidwa sidikira, imayamba kusasa. Ndiye nthawi yokolola moto sunkazima usana ndi usiku, ndipo oponya nzimbe m'chigayo ndi osonkhezera motowo anali akapolo ochokera ku Africa, ambiri a kumadzulo kwake. Munthu akasinza pang'ono, chigayo chinkatenga dzanja. Ndinaima pafupi ndi ng'anjozo, manja pa miyala yakuda, mbalame zikulira bwinobwino m'mitengo, ndipo ndinakhala phee kwa kanthawi. Ife nkhani ya ukapolo timaidziwira kwa a Jumbe ku Nkhotakota, komwe anthu ankatengedwa. Apa mukuona mbali inayo, ntchito imene munthu ankaigwira akafika kumene anagulitsidwa.

Pezani wokuperekezani, ndipo mumufunse mosabisa za akapolowo: ankagona kuti, ankadya chiyani. Mukapanda kufunsa, ena amangokuuzani za eni esiteti ndi za mowa wa ramu basi. Ukapolo m'zilumba zolamulidwa ndi Britain unathetsedwa mu 1834, koma anthu anakakamizidwabe kugwirira ambuye awo omwewo mpaka 1838. Nzimbe nazo sizinathere pomwepo. Boma linatseka ulimi wa shuga mu 2005, choncho madalaivala ambiri achikulire ali ndi bambo kapena amalume amene anadulako nzimbe. Muziwacheza, nkhani zawo n'zokoma kuposa zolembedwa pa zikwangwani.

Mukachoka pa mabwinjawo yendani pansi pang'ono kupita ku Romney Manor. Pali dimba lokongola ndi mtengo waukulu wa saman, wa zaka mazana angapo, mthunzi wake wokwana msonkhano wa mudzi wonse. Pomwepo pali Caribelle Batik, komwe amayi amalemba nsalu ndi phula n'kuziviika mu utoto inu mukuona. Mwana wanga wamkazi sanafune kuchokapo. Nsaluzo si zotchipa, musayerekeze ndi mtengo wa chitenje. M'mbali mwa msewu wokwera kuchokera ku Old Road Town muli mwala wojambulidwa ndi a Kalinago, eni chilumba amene Angerezi a Thomas Warner anawapeza pokhazikika mu 1624. Ambiri a iwo anaphedwa mu 1626 pamalo apafupi otchedwa Bloody Point. Ndi kamwala koti mutha kukaphonya ngati dalaivala sanaime, choncho muuzeni msanga.

Kenako ndiye zipilaini, kapena kuyenda m'nkhalango ya kumtunda kwa esiteti. Valani nsapato zotseka zogwira bwino, osati masilipasi. Ngakhale kunja kuli dzuwa, pansi pa mitengo pamakhala matope oterera, ine ndinakhala pansi kawiri. Tengani madzi ndi mankhwala odzola a udzudzu. Apusi aliko ambiri, makolo awo anabwera kuchokera ku Africa nthawi ya ukapolo yomweyo, ndipo khalidwe ndi lomwe lija: nthochi ikaonekera m'chikwama, iwalani. Phiri la Liamuiga, lotalika mamita 1,156, ndi la tsiku lakelake ndipo n'lovuta kwa ana aang'ono. Bambo akalifuna apite okha ndi wowaperekeza.

Ngati muli ndi tsiku lina, pali sitima ya St Kitts Scenic Railway. Njanji yake inamangidwa pakati pa 1912 ndi 1926 kuti izitutira nzimbe ku fakitale ya ku Basseterre, ndipo pano imanyamula alendo. Mumakhala pamwamba, mphepo ikukuombani, n'kumaona machumuni a maesiteti akale m'thengo. Ndi yodula, ndipo kwa ine siiposa Wingfield, koma ana amaikonda. Ndalama zikachepa, ndingasankhe linga la Brimstone Hill, lomwe lili kutsogolo pang'ono kwa Old Road Town pa msewu wochokera ku Basseterre. Nalonso linamangidwa ndi manja a akapolo, ndipo UNESCO inalilemba pa malo osungidwa mu 1999.

Chomaliza, funsani ku hotela tsiku limene sitima zikuluzikulu zapamadzi za alendo sizikocheza ku Basseterre. Zikakocheza, pofika 10 koloko mabasi amakhala atadzaza pa Romney Manor. Nyamulaninso ndalama za m'manja za minibasi ndi zogulira zakudya m'njira. Dola imodzi ya America ndi madola 2.70 a kumeneko.