Backup ya kamodzi pa seva, komanso mabwana oti disiki ndiyodula

Mayi wina amene amasunga mabuku a ndalama pa kashopu ka hadiweya ku Limbe wandilembera email. Akuti Lolemba kukubwera munthu wodzakweza pulogalamu yawo ya maakaunti pa seva ya Windows, nde akufuna apange backup (kukopera mafayilo nkuwasunga pena kuti asatayike) ya kamodzi pamanja munthuyo asanaigwire. Ndikuyankhani mayi, musadandaule. Koma chandibaya nchoti kumapeto mwalemba kuti backup ina iliyonse kulibe chifukwa abwana ati disiki ndiyodula.

Ine mawu amenewa ndinawamvapo kale. Ndinkagwira pa kakampani kena kogulitsa masipeya a magalimoto, seva yake inali ya Small Business Server ndipo inkakhala pansi pa tebulo la asekilitale pafupi ndi ketulo, fumbi lokhalokha, fani ikulira ngati chigayo. Amene anaiika anachita bwino ndithu, anasiya disiki yakunja yoti usiku uliwonse backup izipita mmenemo. Koma anyamata a ku sitolo anaona kuti kadisiki kangokhala, nde anakazula nkumakopera mavidiyo a ukwati ndi mafilimu, ndipo seva usiku uliwonse inkalemba kuti backup yalephera koma ndani ankawerenga? Nditayamba ntchito ndinakauza abwana kuti tigule ina, iwo ati tione kaye mwezi utha, mwezi nkutha ati dola yakwera, kenako ati iwe mwana seva imeneyi yagwira zaka zonsezi osavuta, ukufuna ndalama zako basi. Nthawi ya mvula magetsi akuthimathima, batire ya UPS (kabokosi kosunga moto magetsi akathima) inali itafa kalekale, tsiku lina magetsi atabwera seva inangoyamba kulira kuti tike tike tike mkati, osayakanso. Kunali kumapeto kwa mwezi, malipiro a antchito, za VAT zofunika ku MRA, zonse mmenemo. Tinakhala mpaka usiku masabata angapo kulembanso ma invoice kuchokera m'mabuku a kaboni aja, ena atanyowa, ena osaoneka. Chimene chinandipweteka kwambiri ndi angongole. Atangomva kuti kompyuta yafa, aliyense ati ine ndinalipira kale. Ndalama imene inapita pamenepo ikanagula madisiki odzadza katoni. Ndipo mukudziwa amene anamuloza chala, wa IT.

Nde ine pano sindinyengereranso. Bwana amene amasintha matayala a galimoto yake osafunsa mtengo koma disiki imodzi akuti yodula, ameneyo sakudziwa kuti bizinesi yake ili pati. Katundu wa pa shelefu akapsa pali inshuwalansi, mwina. Mndandanda wa amene ali nanu ngongole ukapita wapita. Ndipo musamanamizidwe zoti seva ili ndi RAID (madisiki angapo ogwira ntchito limodzi ngati imodzi) ndiye zili bwino. RAID imathandiza disiki imodzi ikafa, koma wina akafufuta foda kapena vayirasi ikatseka mafayilo, zimachitika pa madisiki onse nthawi imodzi.

Zinanso, maseva ambiri ndimawaona m'matauni muno ndi akale zedi. Small Business Server 2011 Microsoft inasiya kuisamala mu January 2020, Server 2012 R2 mu October 2023, koma anthu akuyendetsabe ndipo zili pa intaneti. Kumbukirani vayirasi ya WannaCry mu May 2017, inalowera pa Windows zosalandira ma update ndipo inaimitsa ngakhale zipatala za boma za NHS ku Britain, nanji kashopu ka ku Limbe. Ma ransomware amenewa, mavayirasi otseka mafayilo nkumafuna dipo, amatsekanso disiki iliyonse imene aipeza yolumikizidwa, nchifukwa chake backup yongokhala pa chingwe chaka chonse ine sindiikhulupirira. Za magetsi ndisayambe, amene munali kuno namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022 mukudziwa mmene makina anavutikira miyezi yotsatira. Komanso chonde, chonde, osagula flashi ya pamsewu yolembedwa 1TB pa mtengo wa fanta, zambiri ndi zabodza, imaonetsa ngati yakopera koma mukatsegula mulibe kanthu.

Nde mupange chonchi mayi

Pezani disiki yakunja ya USB yokhala ndi malo oposa zomwe zili pa seva, ikhale yofomatidwa ngati NTFS, chifukwa mtundu wina uja wa FAT32 sulola fayilo yoposa 4GB. Onse atuluke mu pulogalamu ya maakaunti. Yambani ndi backup ya mkati mwa pulogalamuyo, kaya ndi Pastel kaya QuickBooks ili nayo yake pa menyu, ikaniso pa disikiyo. Kenako tsegulani Windows Server Backup, ikapanda kuoneka muiwonjezere pa Server Manager pa Features. Kumanja dinani Backup Once, sankhani Different options, kenako Full server, Local drives, nkusankha disiki yanu ija. Musadine Backup Schedule molakwitsa, imeneyo mukaipatsa disiki kuti ikhale ya backup yokha imaifomata yonse, pomwe Backup Once imangopanga foda ya WindowsImageBackup zinazo osazikhudza. Ngati mumakonda kulemba, tsegulani cmd (windo lolembamo malamulo) ngati administrator mulembe wbadmin start backup -backupTarget:E: -include:D: -allCritical -quiet, E ndi disiki yakunja, D ndi komwe kuli mafayilo anu, musinthe zilembozo malinga ndi seva yanu. Mukatumiza ku foda ya pa netiweki dziwani kuti yatsopano imafufuta yakale ya mufodamo.

Ikamaliza musangoona mawu oti Completed nkunyamuka. Dinani Recover, sankhani fayilo imodzi ya Excel, muibwezeretse kumalo ena osati pamwamba pa yeniyeni, muitsegule muone ngati ikuwerengeka. Apa mpamene ambiri amadumpha, olo ma technician odziwika amene.

Yambani Lachisanu madzulo kapena Loweruka, osati Lolemba mmawa munthu ataima pakhomo, chifukwa pa seva yakale ya USB 2.0 zimatha kutenga maola ambiri, ndipo ngati UPS yanu ndi yokayikitsa jenereta ikhale ndi mafuta. Ikatha chotsani disikiyo bwinobwino, lembanipo deti, ikagone kunyumba kwanu kapena mu sefa kwina, osati pamwamba pa seva pomwepo. Wodzakweza pulogalamuyo akanena kuti iye apanga yake, muloleni apange koma pa disiki ina, yanuyo asaigwire. Ndipo risiti ya disiki mukaipereke kwa abwana, isatuluke m'thumba mwanu.