Yankho kwa mayi amene amphaka awo a m'nyumba agwidwa nthata

Mayi, ndawerenga funso lanu lonse. Mwanena kuti amphaka anu awiri satuluka panja n'komwe koma akhala akudzikanda kwa mwezi wathunthu, kuti mwawasambitsa kangapo ndi kuwaveka malamba a m'khosi ophera nthata, komabe nthata zimasowa masiku ochepa n'kubweranso, mpaka tsopano zayamba kukulumani inuyo m'akakolo. Munafunsanso za chakudya ndi za kufula mphaka wamphongo uja, koma zimenezo ndisiyira ena. Ine ndiyankha za nthata zokha, zimene ena amazitcha utitiri, chifukwa vuto limeneli linandigwerapo ndipo linatsala pang'ono kundiphera mphaka.

Ndiyambe ndi chenjezo, popeza ndaona kuti wina m'gulu muno wakulangizani kuti mugule mankhwala odontheza a galu n'kungochepetsa muyezo wake. Chonde musachite zimenezo. Mankhwala ambiri a nthata ndi nkhupakupa amene amapangira agalu amakhala ndi permethrin, amene thupi la galu limamupirira bwinobwino koma kwa mphaka ndi poizoni. Vuto lake lili m'chiwindi. Chiwindi cha mphaka chimalephera kuphwanya ndi kuchotsa mankhwalawa mwamsanga monga chimachitira cha galu, choncho amakhalitsa m'thupi n'kuyamba kusokoneza mitsempha ndi ubongo. Kuchepetsa muyezo sikuteteza chilichonse, chifukwa mankhwala odontheza a galu ndi amphamvu kwambiri moti ngakhale madontho ochepa amatha kudwalitsa mphaka mwakayakaya.

Zimenezi ndinaziona ndi maso anga. Zaka zingapo zapitazo ndinali ndi galu mmodzi ndi mphaka wamkazi, ndipo onse awiri anali ndi nthata. Ndinagula mankhwala a galuyo, ndipo wogulitsa anandiuza kuti otsalawo ndikhoza kudonthezerako mphaka. Ndinamukhulupirira, ndipo madzulo a tsiku lomwelo ndinadontheza pang'ono pankhongo pa mphakayo. Patapita maola ochepa ndinaona makutu ake ndi khungu la pamsana zikugwedezeka zokha, kenako anayamba kutuluka dovu ndi kuyenda modzandira. Pofika pakati pa usiku thupi lonse linali kunjenjemera, ndipo ankagwa n'kumaphupha pansi osatha kudzuka. Ndinamukulunga m'chinsalu n'kuthamangira naye kwa dokotala wa ziweto, amene anamusambitsa kuti achotse mankhwala otsalira pakhungu, anamubaya jakisoni woletsa kunjenjemera ndi kumuika dilipi. Anandiuza mosabisa kuti palibe mankhwala osukulutsa poizoni ameneyu, kuti chimene amachita ndi kungothandiza mphaka kupirira mpaka thupi litachotsa lokha. Mphaka wanga anagona kumeneko masiku atatu, ndipo anapulumuka, koma si amphaka onse amene amapulumuka. Ndalama zimene ndinalipira pa masiku atatuwo zinali pafupifupi zofanana ndi zimene ndikanagulira mankhwala oyenera a mphaka kwa chaka chathunthu.

Kuyambira nthawi imeneyo sindigula mankhwala alionse osawerenga pa paketi, ndipo ndikukupemphani kuti inunso muzitero. Ngati palembedwa permethrin, kapena palembedwa kuti ndi a agalu okha, asakhudze mphaka. Ngati muli ndi galu amene mwamudontheza mankhwala oterewa, mulekanitseni ndi amphaka kwa masiku awiri kapena atatu, chifukwa mphaka amatha kudwala pongogona naye limodzi kapena pomunyambita. Ndipo ngati alipo wina amene wawerenga mochedwa atadontheza kale, asambitse mphakayo nthawi yomweyo ndi madzi ofunda pang'ono ndi sopo wamadzi wotsukira mbale, osati madzi otentha, kenako apite naye kwa dokotala wa ziweto osadikira kuti zizindikiro zioneke.

Malangizo ena amene ndawaona pansi pa funso lanu nawonso ndi oopsa. Adyo, kaya womudyetsa kaya womupaka, amawononga maselo ofiira a magazi a mphaka. Mafuta a tea tree ndi mafuta ena onunkhira a zomera amamudwalitsa chiwindi ndi mitsempha. Palafini, mankhwala osambitsira ng'ombe ndi mankhwala opopera tizilombo m'nyumba siziyenera kuyandikira khungu lake. Kumbukirani kuti mphaka amatha maola ambiri tsiku lililonse akudzinyambita, choncho chilichonse chimene mwamupaka pa ubweya mwamumwetsa.

Tsopano ndifike pa chimene chikukuzunguzani, chakuti nthata zikuchokera kuti pamene amphakawo satuluka. Nthata zimatha kulowa zitakangamira ku zovala ndi nsapato zathu, kapena kubwera ndi galu wa mlendo, ndi mipando ndi makapeti zogula kwa ena, ndi makoswe a kudenga, ngakhalenso ndi amphaka oyendayenda amene amagona pakhonde. Yaikazi imodzi yokha ndi yokwanira kuyambitsa vuto. Koma funso la mmene zinalowera lilibenso ntchito kwenikweni pakali pano, chifukwa nthata zimene zikukuvutani lero zikuswana m'nyumba mwanu momwemo.

Nthata ya amphaka, imene dzina lake la sayansi ndi Ctenocephalides felis, imayamba kuikira mazira pakangotha tsiku limodzi kapena awiri itayamwa magazi koyamba, ndipo yaikazi imodzi imatha kuikira mazira okwana 40 kapena 50 patsiku. Mazirawo ndi oyera, osalala, samatirira ku ubweya, choncho amayoyokera paliponse pamene mphaka wagona kapena wadutsa. Pakapita masiku ochepa amaswa timphutsi tothawa kuwala, timene timalowa m'ming'alu ya pansi, m'kapeti, pansi pa bedi ndi m'mipata ya sofa, n'kumadya ndowe za nthata zazikulu, zomwe kwenikweni ndi magazi ouma. Kenako kamphutsi kamadzikulunga m'chikwa chonata chimene fumbi limamatirirapo, ndipo apa ndi pamene pagona vuto lonse. Mankhwala opopera salowa bwino m'chikwacho, ndipo nthata yokhwima imatha kudikira m'menemo kwa miyezi ingapo mpaka itamva kugwedezeka kwa mapazi, kutentha kwa thupi kapena mpweya umene nyama imapuma. Kukakhala kotentha ndi kwachinyezi, ulendo wonse wochokera pa dzira kufika pa nthata yoluma umatha m'masabata awiri kapena atatu okha. Akatswiri amayerekezera kuti pa nthata 100 zilizonse za m'nyumba yotere, zazikulu zimene zili pa mphaka ndi pafupifupi 5 zokha, ndipo 95 zotsalazo ndi mazira, timphutsi ndi zikwa zimene simuziona.

Mukamvetsa zimenezi mudziwa chifukwa chake kusambitsa sikunathandize. Madzi ndi sopo zimachotsa nthata zimene zili pathupi tsiku limenelo, koma mphaka akangouma n'kubwerera pogona pake, zatsopano zimamukwera. Malamba a m'khosi otsika mtengo nawonso ambiri amangoteteza malo oyandikira khosi, pamene nthata zimapezekanso kumsana ndi patsinde pa mchira, ndipo ena ali ndi mankhwala akale amene amatha kudwalitsa mphaka. Musanayambe mankhwala ena, avuleni malambawo.

Chimene chinandithandiza ine, ndipo ndi chimene ndimalangiza aliyense, ndi mankhwala odontheza opangira amphaka okhala ndi selamectin, amene amadonthezedwa kamodzi pamwezi. Ndimawakonda chifukwa amapha nthata zazikulu, amalepheretsa mazira kuswa, komanso amapha tizilombo ta m'makutu ndi mitundu ina ya njoka za m'mimba. Alipo ena abwino, monga a imidacloprid ndi a fipronil amene nawonso ndi a mwezi uliwonse, ndi a fluralaner amene amagwira ntchito kwa masabata 12. Palinso mapiritsi a nitenpyram amene amayamba kupha nthata pakangotha mphindi pafupifupi 30, koma mphamvu yake imatha patangopita tsiku limodzi kapena awiri, choncho ndi ongoyambira basi pamene nthata zachuluka kwambiri. Mankhwala onsewa ndi odulirapo kuposa sopo ndi malamba, mwina kangapo, koma mukawerengera zimene mwataya kale mwezi uno muona kuti kusiyana kwake si kwakukulu. Gulani kwa dokotala wa ziweto, ndipo muyeze kulemera kwa mphaka aliyense, chifukwa muyezo umatengera kulemera kwake.

Podontheza, patulani ubweya wa pankhongo mpaka khungu lioneke, ndipo mudontheze pakhungupo, pamalo pamene lilime lake silingafike. Alekanitseni amphaka awiriwo mpaka pamalopo pauma kuti asanyambitane, ndipo musawasambitse kwa masiku awiri. Chinyama chilichonse cha ubweya cha m'nyumbamo chilandire mankhwala akeake tsiku limodzi, ngakhale chimene sichikudzikanda. Chofunika koposa ndi chakuti mupitirize kwa miyezi itatu yotsatizana osadumpha. Anthu ambiri amalephera pamenepa. Amadontheza kamodzi, ndipo akaonanso nthata patapita masabata awiri amaganiza kuti mankhwala ndi achinyengo, n'kusintha mtundu kapena kuwonjezera muyezo, pamene nthatazo zangotuluka kumene m'zikwa ndipo zifa zikangoluma mphaka wotetezedwayo. Musawonjezere muyezo ndipo musasakanize mitundu popanda kufunsa dokotala.

Pa chifukwa chomwecho, musatseke zipinda zimene muli nthata poganiza kuti zifa ndi njala. M'chipinda chopanda woyendamo zikwa zimangodikira. Alekeni amphaka amene alandira mankhwalawo aziyenda m'nyumba monse monga mwa masiku onse, chifukwa iwowo ndi amene amakopa nthata kuti zituluke n'kufa. Mukawachotsa m'nyumba, nthata zanjala zimatembenukira kwa anthu.

Ntchito ya m'nyumba ndi yotopetsa koma yosavuta kumvetsa. Chapani zogonera amphaka, mabulangete ndi nsalu za pamipando ndi madzi otentha okwana madigiri 60 sabata iliyonse. Ngati muli ndi makina okoka fumbi, agwiritseni ntchito tsiku lililonse kwa masabata awiri oyambirira, makamaka m'mphepete mwa makoma, pansi pa mipando ndi m'mipata ya sofa, ndipo fumbilo muzilimanga m'pulasitiki n'kukalitaya kunja. Kugwedezeka kwa makinawo kumathandizanso kuti nthata zituluke m'zikwa msanga. Ngati mulibe, sesani ndi kukolopa malo omwewo mosamala. Mukafuna kupopera, sankhani mankhwala okhala ndi methoprene kapena pyriproxyfen, amene amaletsa mazira ndi timphutsi kukula, koma dziwani kuti ambiri opopera m'nyumba alinso ndi permethrin yemwe uja. Tulutsani amphaka, mbale zawo ndi madzi awo, ndipo musawabwezemo mpaka pauma ndiponso mphepo yapitamo mokwanira.

Kuti mudziwe ngati zinthu zikuyenda, gulani chipeso cha mano othinana kwambiri n'kumapesa amphakawo atakhala pa pepala loyera lonyowa. Timadontho takuda timene tikagwa papepalapo timasungunuka n'kufiira ndi ndowe za nthata, ndipo kuchepa kwake sabata ndi sabata kukuuzani zoona kuposa kuwerenga nthata, popeza mphaka amameza zambiri podzinyambita. Ngati mmodzi ali ndi tinkhanambo tambiri pakhosi ndi pamsana, kapena ubweya ukusosoka patsinde pa mchira, ndiye kuti thupi lake limadana ndi malovu a nthata, ndipo mphaka wotere amayabwidwa kwambiri ngakhale atalumidwa kamodzi kokha. Ameneyo afunika kuonedwa ndi dokotala, komanso azilandira mankhwala chaka chonse.

Simunatchule zaka za amphaka anu. Ngati pali wamng'ono, samalani kawiri, chifukwa nthata zambiri zimatha kuyamwa magazi a kamwana ka mphaka mpaka kufa. Kwezani mlomo wake muone nkhama, ndipo zikakhala zotuwa m'malo mofiirira, mwina kamwanako n'kofookanso, pitani nako kwa dokotala tsiku lomwelo. Mankhwala ambiri odontheza saloledwa pa ana osakwana masabata 8, choncho ana otere amangopesedwa tsiku ndi tsiku, nthata zogwidwazo n'kumazimiza m'madzi a sopo.

Pali chinthu china chimene simunafunse koma mukumana nacho posachedwa. Mphaka akameza nthata amatha kutenga njoka ya m'mimba yotchedwa Dipylidium caninum, imene tizidutswa take timaoneka ngati timbewu ta mpunga kunsi kwa mchira kapena pogona pake. Selamectin sapha njoka imeneyi. Pamafunika praziquantel, ndiye pamene mukukagula mankhwala a nthata mufunse ndi amenewa, ndipo muwapatse amphaka onse awiri.