Achemwali, malo a ku quality aja atengeni

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga. Mwati muli chaka chachiwiri cha mechanical engineering pa yunivesite ina ku England, ndipo kampani yopanga zitsulo za galimoto ku West Midlands yakupatsani malo a miyezi 12 ku dipatimenti ya quality, yoonetsetsa kuti katundu akukwaniritsa miyezo. Mtima wanu unali ku design, anzanu akuti quality ndi ntchito ya mapepala okhaokha, ndipo makolo kumudzi akudabwa kuti sukulu ya zaka 3 yasanduka bwanji ya zaka 4. Ine ntchito imeneyi ndaigwira m'mafakitale a konkuno, ndipo ndikuti malowo atengeni. Kungoti pali zoti mufunse musanasayine, chifukwa si placement iliyonse yomwe imamuphunzitsa munthu.

Anzanuwo sakunama kuti mapepala aliko. Chomwe sakudziwa ndi zimene mapepalawo amagwira. Pa 5 Januwale 2024 ndege ya Alaska Airlines ya mtundu wa Boeing 737 MAX 9 itangonyamuka ku Portland, chotsekera pakhomo lina la m'mbali chinazuka ndegeyo ili m'mwamba, anthu ali m'kati. Ofufuza a NTSB, bungwe lofufuza ngozi za maulendo ku America, anapeza kuti chotsekeracho chinatsegulidwa kufakitale pokonza marivet, mabawuti ake 4 sanabwezeretsedwe, ndipo panalibe chikalata chosonyeza kuti chinatsegulidwapo. Poti palibe analemba, palibenso anatumidwa kukaona ngati mabawutiwo abwerera. Pepala la ku quality ndi limenelo: limanena kuti ndani anachita chiyani, liti, pa chitsulo chiti, ndipo ndani anatsimikizira.

Komabe gawo lalikulu la ntchitoyi si la padesiki. Masabata oyamba adzakupatsani jombo, magalasi oteteza maso, zoyezera za vernier ndi micrometer, n'kukuikani pafupi ndi makina. Tiyerekeze kuti drawing ikuti shafiti ikhale 20 mm kunenepa, ndipo ingasiyane ndi 0.02 mm basi uku kapena uku. Tsitsi limodzi la munthu limanenepa pafupifupi 0.07 mm, ndiye onani kuchepa kwa malirewo. Mudzayeza chitsulo chongotuluka m'makina, chikadali chofunda m'dzanja, n'kupeza kuti chapitirira malire. Mukachisiya patebulo kuti chizizire n'kuchiyezanso, mupeza chili bwinobwino. Sikuti munalakwitsa poyamba paja. Chitsulo cha 100 mm chikatentha ndi madigiri 10 chimatalika ndi pafupifupi 0.012 mm, n'chifukwa chake miyezo ya padrawing imawerengedwa pa 20°C, ndipo chipinda chomwe amaikamo CMM, makina aakulu oyezera aja, amachisunga pa madigiri amenewo. M'kalasi izi munaziphunzira ngati masamu. Kufakitale mudzaziona zikubweza bokosi lathunthu la katundu.

Chinthu choyamba chomwe ndikufuna mukapemphe kuchita ndi manja anu ndi gauge R&R, njira yoonera ngati muyezo ungadaliridwe. Mumasankha zitsulo 10 ndi anthu 3 omwe amayeza tsiku ndi tsiku, aliyense ayeze chitsulo chilichonse katatu, mosakaniza, osaona zomwe mnzake walemba. Manambala 90 amenewo mumawalowetsa mu Minitab kapena Excel kuti muone kuti kusiyana komwe kukuoneka, kochuluka bwanji kukuchokera ku zitsulozo, ndipo kochuluka bwanji kukuchokera ku choyezera ndi dzanja la woyeza. Kwa opanga galimoto, kusiyana kwa muyezo kukakhala pansi pa 10% amati zili bwino, kukapitirira 30% muyezowo sudaliridwa. Zili ngati kukangana za kulemera kwa thumba la chimanga pamene sikelo yake ndi yobera: mkanganowo sungathe mpaka sikeloyo ionedwe kaye. Ophunzira ambiri amathamangira kuweruza makina asanaweruze choyezera. Inu mukayambe ndi choyezera.

Kuchoka apo mudzakumana ndi control chart. Anaiyambitsa Walter Shewhart mu 1924 ku Western Electric ku America, ndipo W. Edwards Deming anakaphunzitsa nzeru zimenezi mainjiniya ndi mabwana a ku Japan mu 1950. Mfundo yake ndi yakuti makina alionse amasinthasintha pang'ono mwachibadwa, ndipo munthu akamawakhudzakhudza nthawi iliyonse nambala ikangosuntha, kusiyanako kumakula m'malo mochepa. Tchaticho chimakuuzani nthawi yosiya makina ayende ndi nthawi yoimitsa n'kufufuza. Mudzamvanso anthu akutchula Cpk m'misonkhano, nambala yosonyeza mmene makina akukwanitsira kukhala mkati mwa malire, ndipo makasitomala ambiri safuna nambala yochepera 1.33. Musangoiloweza. Pemphani data yeniyeni muiwerengere nokha kamodzi, ndipo simudzaiwalanso.

Koma komwe chakachi chidzakukulitseni kwenikweni ndi tsiku lomwe kasitomala adzabweze katundu. Kumakhala piringupiringu. Katundu yense wokayikitsa amamumata chikwangwani chofiira n'kumutsekera m'khola la waya, ena amatumidwa kukasankha yemwe ali m'nyumba yosungira, kenako mumatsegula lipoti la 8D, njira ya masitepe 8 yofufuzira ndi kuthetsa vuto, yomwe kampani ya Ford inaifalitsa cha m'ma 1980. Apa pali yankho lomwe limabwera msanga, loti wogwira makina analakwitsa ndipo tamuphunzitsanso. Limeneli musamalilandire. Funsani kuti analakwitsa chifukwa chiyani. Mwina chitsulocho chimalowa mu jigi, chogwirira chitsulo pamakina, mbali zonse ziwiri, ndipo ikamakwana 3 koloko usiku munthu wotopa sangasiyanitse kutsogolo ndi kumbuyo. Ngati ndi choncho, kolakwika ndi kujigi. Kapini kamodzi kotchinga kuti chitsulo chisalowe chozondoka kamathetsa vuto lomwe maphunziro khumi sangalithetse. Aku Japan amati poka-yoke, nzeru yomwe Shigeo Shingo anaitchukitsa pogwira ntchito ndi Toyota. Mukakhala pansi kujambula kapini kameneko, dziwani kuti design yomwe mumaifuna ija mwaiyamba kale.

N'chifukwa chake mantha oti mukutaya njira yanu ya design ine sindikuwaona. Injiniya amene anaonapo bini yodzaza ndi zitsulo zotayidwa salemba malire othina padrawing popanda chifukwa, chifukwa amadziwa mtengo wa 0.01 mm iliyonse. Amadziwanso kuti chomwe sichingayezeke bwino sichingapangidwe bwino. Ku quality mudzayenda paliponse: kwa ogula zipangizo, kwa okonza makina, kwa ojambula, nthawi zina mpaka kwa supplier ndi kwa kasitomala. Ndi madipatimenti ochepa omwe amalola wophunzira kuona fakitale yonse m'chaka chimodzi.

Tsopano nkhani yomwe ili pamtima panga, poti ndife a kumodzi. Tinaleredwa kuti wamkulu satsutsidwa pagulu. Ulemu umenewu udzakuthandizani kwambiri kwa anthu a pamakina. Bambo kapena mayi amene wayendetsa makina amodzimodzi kwa zaka zambiri amadziwa ndi khutu kuti mpeni wabuntha, ndipo mukawafikira modzichepetsa, mukuwafunsa m'malo mowauza, adzakuonetsani zomwe sizinalembedwe paliponse. Muzifika nthawi yosinthana shifiti, muziimirira nawo, muziwadziwa mayina. Koma ulemu womwewo ukhoza kukumangani pakamwa tsiku lomwe lole idzakhale ikudikira panja, bwana wa production ataima pambali panu akuti ingosayinani, kasiyanidwe kake n'kochepa. Achemwali, musadzasayine chomwe simunayeze, ndipo musadzalembe nambala yomwe choyezera sichinasonyeze. Sikuti mukangane naye. Nenani mofatsa kuti mphamvu yolola katundu wotuluka m'malire mulibe, muitane woyang'anira wanu. Njira yovomerezeka ilipo, amati concession, pomwe kasitomala amavomera molemba kuti alandira katunduyo momwe alili. Zinthu zikamabisidwa mapeto ake amakhala ngati a Kobe Steel ya ku Japan, yomwe mu Okutobala 2017 inavomera kuti antchito ake ankasintha manambala a mayeso a aluminiyamu ndi kopa amene ankagulitsidwa kwa opanga galimoto, ndege ndi sitima. Zotere zimayamba ndi munthu mmodzi amene anaopa kukana.

Nanga mungadziwe bwanji kuti malo akupatsaniwo ndi abwino? Aimbireni foni kapena alembereni. Funsani ngati mudzakhala ndi pulojekiti yanuyanu, monga kuchepetsa zotayidwa pa laini inayake, yomwe pakutha pa chaka mudzaisonyeze ndi manambala a poyamba ndi a pomaliza. Funsani kuti woyang'anira wanu ndani, ndipo muzikumana kangati. Funsani ngati fakitaleyo ili ndi satifiketi ya IATF 16949, yomwe opanga galimoto amafuna pamwamba pa ISO 9001, chifukwa kumeneko mudzakumana ndi FMEA (kuunikiratu zomwe zingalakwike) ndi PPAP (umboni woti kasitomala avomereze chitsulo chisanayambe kupangidwa chambiri) zenizeni, mwinanso n'kukhala nawo pa oditi. Chachikulu kuposa zonsezi, pemphani kulankhula ndi wophunzira amene ali pamalopo panopa. Akakuuzani kuti chaka chonse wakhala akusikana mafayilo kapena kusankha zitsulo m'mabokosi, pamenepo ndingakuuzeni kuti mufunefune kwina. Kusankha zitsulo kwa sabata imodzi kumaphunzitsa maso, koma kwa miyezi 12 ndi kuba nthawi ya mwana wa sukulu.

Za malipiro zilembedwe mu kontrakiti. Lamulo la kuno silikakamiza kampani kupereka National Minimum Wage, malipiro ochepetsetsa omwe boma limakhazikitsa, kwa wophunzira amene placement yake ndi gawo la maphunziro ndipo siikupitirira chaka, ngakhale makampani ambiri a engineering amalipira. Onaninso za mayendedwe. Mafakitale ambiri ali kunja kwa tawuni, ndipo shifiti ya m'mawa kawirikawiri imayamba 6 koloko, nthawi yomwe mabasi ena amakhala asanayambe kuyenda. Musanalipire lendi, yesani ulendowo pa nthawi yeniyeniyo.

Mukayamba, muzilemba zomwe mwachita sabata iliyonse: vuto linali chiyani, munayeza bwanji, munasintha chiyani, zinatha bwanji. Zolembazi zidzakuthandizani pa intavyu, komanso ngati mudzafune kulembetsa ngati Chartered Engineer kudzera ku IMechE, bungwe la mainjiniya a mechanical ku UK, chifukwa kumeneko amafuna umboni wa zomwe inuyo munachita. Zithunzi za m'fakitale ndi madrawing a makasitomala musaziike pa Facebook kapena LinkedIn popanda chilolezo.

Makolo muwafotokozere modekha, chifukwa nkhawa yawo ndi yomveka. Auzeni kuti chakachi ndi gawo la digiri, sukulu imachiwerengera, fizi yake imakhala yotsika kuposa ya zaka zina, ndipo mudzamaliza muli ndi chaka chathunthu cha ntchito pa CV pamene anzanu adzakhale akuyamba kumene kugogoda. Makampani ena amaitananso ophunzira awo akamaliza sukulu. Ndipo ngati mudzabwerere kwathu, luso ili lili ndi msika. Mafakitale opanga zitsulo za galimoto kulibe, koma a shuga ku Nchalo ndi ku Dwangwa, a tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, a zakumwa ndi a simenti, onse amayenera kutsimikizira ogula ndi a Malawi Bureau of Standards kuti katundu wawo akukwaniritsa miyezo. Kuyeza, kufufuza gwero la vuto ndi kukonzekera oditi ndi zomwezomwezo, kaya ndi shafiti kaya ndi paketi ya shuga.

Chomwe chisadikire ndi visa. Ngati muli pa Student visa, placement imaloledwa ikakhala gawo la kosi lomwe sukulu imaliyesa, ndipo pa digiri siyenera kupitirira theka la nthawi ya kosi yonse. Yunivesite imayenera kudziwitsa Home Office, unduna woona za mavisa, komwe mukukagwira. Ngati visa yanu inaperekedwa ya kosi ya zaka 3, kuwonjezera chaka kudzafuna CAS yatsopano (chitsimikizo cha yunivesite chopemphera visa) ndi kupempha kuti visayo italikitsidwe, ndipo zimenezi zili ndi ndalama zake. Pitani ku ofesi ya ophunzira ochokera kunja sabata ino, kalata ya kampaniyo ili m'manja, akuuzeni masiku ndi ndalama zake musanayankhe kampaniyo. Mukamva zomwe wophunzira ali pamalopo anena, mudzatiuze, tidzaone limodzi ngati kontrakitiyo ndi yoyenera kusayina.