Yambani ndi nzimbe, malamulo abwere pambuyo

Mayi, mwana wanu akamanena kuti 1/8 ndi yayikulu kuposa 1/4, musathamangire kumuloweza malamulo. Ayambe wamvetsa kuti nambala ya pansi imanena kuti chinthu chagawidwa pangati, ndipo mafulakishoni amayerekezeka mosavuta nambala za pansizo zikafanana.

Tengani nzimbe ziwiri zotalika mofanana. Ina muidule zidutswa 4, inayo zidutswa 8. Akagwira chidutswa cha iyi ndi cha iyo m'manja, aona yekha kuti zidutswa zikachuluka, chilichonse chimafupika.

Akamvetsa zimenezo, mpatseni 2/3 ndi 3/4. Awerenge 3, 6, 9, 12, kenako 4, 8, 12, apeze pamene zakumana. Pa 12 pamenepo, 2/3 imasanduka 8/12, pomwe 3/4 imasanduka 9/12, basi yayikulu yaoneka. Muonjezerepo 1/2, yomwe ndi 6/12, aziyale kuyambira yaying'ono: 1/2, 2/3, 3/4.

Ana amene ndimawathandiza masamu madzulo amakodwa pamalo amodzi: amachulukitsa nambala ya pansi n'kuiwala ya pamwamba, 2/3 n'kukhala 2/12. Ndimawauza ajambule kamzere ka timabokosi 12, adetse 8, afananize ndi zomwe alembazo. Ambiri vuto lawo lenileni ndi matebulo ochulukitsa manambala, choncho muziwabwereza ndi mwana wanu pophika kapena popita kuchigayo.

Teremu ikatha akuvutikabe, kapena akamasokoneza manambala powerenga, kaonaneni ndi aphunzitsi ake. Iwo angakuuzeni ngati pakufunika mphunzitsi wa ana ofunika thandizo lapadera.